KUMANGANSO BANJA LIMENE MOWA UNAPASULA

Kuwerenga: Marko 5:1-20 ndi 2 Mafumu 4:1-7.



M'midzi yathu yambiri ya ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi muli agogo amene alikulera adzukulu ao, cinkana kholo la anawo liri moyo ku Lusaka. Ena mwa makolowo anatumiza ana kumudzi cifukwa ca kucepa kwa ndalama. Koma ena anacita kulandidwa ana ndi abale, popeza mowa kapena mankhwala oledzeretsa anawagwira ukapolo, ndipo anawo anali kugona ndi njala m'nyumba yopanda munthu wamkulu. Mnzao wa ukwati anamwalira, kapena anathawa, kapena anakana mwana asanabadwe. Tsono papita zaka, ndipo tsiku lina pafika mau pa lamya, kapena mwini wace atsika basi ndi katundu wace wocepa, nakhala pakhonde, nati: Ndinasiya kumwa; ndadzera ana anga. Pamenepo mbumba yonse isowa conena. Kodi timkhulupirire? Kodi tiwapereke anawo? Mau awa alembedwera munthu ameneyo, mai kapena bambo wolera yekha, ndiponso ife amene tiyenera kumyankha.

Marko atisimbira za munthu wina wa kutsidya kwa nyanja ya Galileya, m'dziko la Agerasa, amene anataya nyumba yace nakagona kumanda. Anansi ace anayesa kangapo kummanga, koma panalibe comangira cimene cinakhalitsa pa iye. Mau ace anali kumveka usiku m'mapiri, ndi thupi lace linadzala mabala amene anadzipweteka yekha. Ambuye Yesu atammasula, anthu a m'mudzi anadza nampeza atakhala phee, atabvala, mutu wace uli bwino. Ndipo pamene Yesu anali kukwera m'ngalawa kuti abwerere, munthuyo anapempha kuti amuke naye. Ife tikadayesa kuti pempho lokoma lotere lidzaloledwa msanga. Koma Ambuye anamkaniza, namtuma kunyumba kwace, kwa anthu omwe aja amene anaona manyazi ace onse, kuti akawafotokozere cifundo cimene analandira.

Kukana kumeneku ndiko phunziro lathu. Kucoka kumanda ndi ciyambi cabe. Nchito yaitali iri kunyumba. Sitinena kuti munthu ali yense wogwidwa ndi mowa ali ndi ciwanda, iai. Koma yense amene anakhala naye m'nyumba imodzi adziwa kuti cithunzi ici sicinama.

I. MANDA A M'MZINDA

Mzinda wa Lusaka unasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935. Masiku amenewo Azungu anafuna manja a anthu athu, koma sanasamala za mabanja ao. Ku Kabwata kunamangidwa tinyumba tozungulira tofolera udzu, toyenera mwamuna wa nchito amene anasiya mkazi ndi ana kumudzi. Totsala tace tinasungidwa, ndipo kuyambira 1974 malowo achedwa Kabwata Cultural Village, pa Burma Road, kumene amisiri asema ndi kugulitsa ziboliboli. Nanga munthu woweruka ku nchito, wopanda mwana womcingamira, anali kupita kuti? Anali kupita ku nyumba yaikulu ya mowa, imene akulu a mzinda anamanga okha. Comweco mzinda unaphunzira kumwa usanaphunzire kulera.

Kumudzi mowa wa masese ufulidwa pa cifukwa: pa dima, pa ukwati, pa kumeta maliro. Umwedwa poyera, akulu alikuona, ndipo mbiya ikatha anthu abalalika. Sitiuyamikira, pakuti nawonso, makamaka kacasu, wapasula mabanja ambiri. Koma m'mzinda mbiya siitha. Kuyambira ku Kamwala ndi ku Soweto Market kufikira ku Chelstone, yense ali ndi ndalama apeza mowa m'mawa, masana ndi usiku, wopanda womfunsa. Ambiri akumbukira tujilijili, timapepala ta pulasitiki ta mowa waukali, timene tinali kugulidwa ndi ndalama yocepa ndi kubisika m'thumba la mwana wa sukulu. Nduna yoona za maboma aang'ono, Mai Nkandu Luo, inaletsa kupanga ndi kugulitsa timapepalato m'mwezi wa April 2012; koma mowa waukaliwo unabweranso m'timabotolo. Pambali pa mowa pali camba, mankhwala a cifuwa amene anyamata amwa kuti aledzere, ndi ufa uja woopsa wochedwa heroin. Bungwe la Drug Enforcement Commission, limene linakhazikidwa m'caka ca 1989, ndilo linapatsidwa nchito ya kulimbana ndi mankhwala otere.

Musayese kuti tsokali ndi la amphawi okha. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga kuli nyumba zazikulu zozingidwa ndi malinga, ndipo kuseri kwa malingawo kuli ana amene, pomva galimoto pa cipata, amvetsera mayendedwe a kholo lao kuti adziwe ngati usiku uno kudzakhala mtendere. Kusiyana kwace nkwakuti wa ku komboni agwa pamseu anthu naona, wa ku Kabulonga agwa m'cipinda, wanchito natseka citseko. Bungwe la World Health Organization linawerenga kuti m'caka ca 2019 anthu okwana 2.6 miliyoni anafa pa dziko lonse cifukwa ca mowa. Ciwerengero ico cichula akufa okha. Sicichula ana amene anatsala m'mbuyo mwao.

M'nyumba ya makolo awiri, mmodzi akagwa mnzace agwiriza denga. M'nyumba ya kholo limodzi mulibe mzati wina. Pamenepo kamtsikana ka zaka 10 ndiko kasanduka mai: kakoleza mbaula, kabereka mng'ono wace, kanamiza mwini nyumba wofuna lendi, kabisa ndalama ya ufa pansi pa mphasa kuti mai wace asaione. Kumanda kumene kholo ligona, ana agonanso komweko.

II. CINGWE SICICIRITSA

Anthu a ku Gerasa anali ndi mankhwala amodzi okha, ndiwo kumanga. Nafenso tiri nao mankhwala otere: kukalipa, kumenya, kucititsa manyazi pa bwalo, kutsekera munthu m'nyumba, kumlumbiritsa pamaso pa mpingo. Zingwe zonsezi zigwira masiku ocepa, kenaka ziduka. Cifukwa cace nciani? Ncakuti amene wamwa kwambiri zaka zambiri, thupi lace ndi bongo wace zazolowera mowa kotero kuti poumanidwa zidwala. Ciyambi cace cinali kusankha, ndipo munthu ayenera kubvomereza mlandu wace. Koma cimariziro cace ndi nthenda, ndipo nthenda siicoka ndi mkwapulo.

Imvani bwino ici, pakuti cikhoza kupulumutsa moyo. Munthu womwa kwambiri tsiku ndi tsiku akaleka mwadzidzidzi, pakapita maora 6 kufikira 24 manja ayamba kunjenjemera, thukuta lituluka, asanza, tulo sabwera. Ena agwa ngati a khunyu. Pa tsiku laciwiri, lacitatu kapena lacinai ena asokonezeka mutu, naona zinthu zimene palibe, ndipo popanda thandizo akhoza kufa. Abale ambiri poona izi ayesa kuti walodzedwa. Iai, ndi thupi lolira cimene linazolowera. Cifukwa cace wotere asaleke ali yekha m'nyumba, ana okha alikumyang'anira. Apite ku cipatala, kumene madokotala ali nao mankhwala otonthoza thupi masiku oopsawo. Ku Lusaka kuli cipatala ca Chainama Hills, pa Great East Road, mseu womwewo umene ufika kwathu kum'mawa. Cinatsegulidwa m'caka ca 1962, ndipo cilandira odwala otere. Ambiri aciopa, nati ndi ca amisala. Koma manyazi a masiku ocepa saposa manyazi a moyo wonse. Safunsa anadya phula. Pemphero ndi mankhwala sizidana, pakuti Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga.

Ndipo thandizo lina Mulungu analibisa mwa odwala okhaokha. M'caka comwe cija ca 1935, mu mzinda wa Akron m'dziko la America, anakomana amuna awiri amene mowa unawagonjetsa: Bill Wilson, wa malonda wa ku New York, ndi Bob Smith, dokotala. Anazindikira kuti cidakwa akamalankhula zoona ndi cidakwa mnzace, onse awiri apeza mphamvu ya kupirira tsiku limenelo. Pamenepo panabadwa gulu la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'maiko ambiri. Ndipo m'caka ca 1951 panayambanso gulu la Al-Anon, la abale a anthu akumwa. Njira yao ifanana ndi cimene mpingo udziwa kale: munthu abvomere kuti wagonja, afune mphamvu yoposa yace, aulule zolakwa zace, abweze cimene anaononga, athandize mnzace, ndipo asadzisenzetse zaka zonse za m'tsogolo, koma lero lokha.

III. NCHITO YA KUNYUMBA

Tsono mau afika kwa inu, mai kapena bambo amene mwacoka kumanda. Kapena mtima wanu ufuna kukwera m'ngalawa: kusamukira ku Kitwe kapena ku Johannesburg kumene sakudziwani, kapena kucezera m'mapemphero usiku uli wonse, kumene anthu akuomberani m'manja pomva umboni wanu. Kumeneko nkosabvuta. Koma Ambuye aloza kunyumba, kumene kuli mwana amene sakuomberani m'manja, amene ayang'ana pansi mukalowa. Nyumba imeneyo idzaima pa mizati inai.

Mzati woyamba ndi coonadi. Ana adziwa zambiri koposa zimene muyesa. Khalani nao pansi, muwauze monga mwa msinkhu wao kuti munagwidwa ndi nthenda ya mowa, kuti munawalakwira, ndi kuti iwo sanacita kanthu kokumwetsani. Pakuti ana ambiri asenza mlandu umene suli wao, namati mumtima, Ndikadakhala womvera, amai sakadamwa. Pepesani momveka, muchule zimene munacita. Koma musawaumirize kukukhululukirani tsiku lomwelo, kapena kugwa m'manja mwao kuti iwo akutonthozeni. Ndipo musalumbire kuti simudzamwanso kufikira imfa. Lumbiro limenelo analimva kale kasanu. Madzi akatayika saoleka, ndi zaka zimene zinapita sizibwera. Cimene muli naco ndi tsiku la lero.

Mzati waciwiri ndi kukhulupirika pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Mwana wa cidakwa sakhulupirira mau. Akhulupirira citseko cimene citseguka ora lomwelo madzulo ali onse. Nsima ipse pa nthawi yace, cinkana ndiwo ndi repu ndi kapenta wocepa. Yunifomu icapidwe. Mphunzitsi akaitana makolo, mukaoneke. Kuyambira caka ca 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ace kufikira Grade 12. Cotero mwana asakhalenso pa kantemba kugulitsa pamene anzace alikuphunzira. Ndipo mwana wamkulu uja amene anasanduka mai, mtuleni katunduyo pang'onopang'ono. Poyamba adzakana, adzakukalipirani, adzawerenga ndalama zanu ndi kununkhiza mpweya wanu. Musakwiye, ndi mlonda amene sanagona zaka zambiri. Tsiku limene mudzamuona alikusewera ndi anzace, ataiwala nthawi ya kuphika, mudziwe kuti nyumba yayamba kucira.

Mzati wacitatu ndi kubweza ngongole. Mowa pocoka usiya ngongole ya lendi, ya pa kantemba, ndi ya kaloba imene ibala mwezi ndi mwezi. Kumbukirani mkazi wamasiye wa masiku a Elisa, amene mwini ngongole anafuna kumlanda ana ace awiri. Mneneri sanamgwetsera ndalama kucokera kumwamba. Anamfunsa cimene cinatsala m'nyumba, ndipo munali nsupa ya mafuta. Anamtuma kukabwereka mbiya kwa anansi, namuuza kuti atsanulire pamodzi ndi ana ace citseko ciri cotseka. Ndipo pogulitsa mafutawo ayambe walipa ngongole, zotsala ndizo adye. Inunso yambani ndi cimene muli naco, kaya ndi makina osokera, kaya ndi thebulo la matimati, kaya ndi nchito ya kucapa m'nyumba za ku Woodlands. Lembani onse amene muli nao ngongole, mupite kwa iwo mmodzimmodzi, mupangane za kubweza pang'onopang'ono. Tsiku la malipiro ndilo tsiku la nkhondo: gulani ufa ndi makala, lipirani lendi dzuwa lisanalowe, ndipo zotsala asunge munthu wokhulupirika, kapena zilowe m'cilimba. Ngati basi yocokera ku Kulima Tower ikutsitsani pakhomo pa nyumba ya mowa imene munazolowera, tsikirani patsogolo, muyende pansi.

Mzati wacinai ndi anzanu. Mkazi wamasiye uja akadacita manyazi kugogoda kwa anansi, mafuta akadasowa potsanulira. Mutu umodzi susenza denga. Funani anthu awiri kapena atatu amene mukhoza kuwaitana pakati pa usiku cibaba cikadzuka, makamaka amene anayenda kale njira yomweyi. Koma cenjerani ndi kuthamangira ukwati watsopano cifukwa ca kusungulumwa. Ambiri alowetsa m'nyumba munthu wakumwa, ndipo ana agwa m'tsoka laciwiri loposa loyamba.

Nanga mukagwanso? Akatswiri a ku America amene afufuza za ukapolo wa mowa ndi mankhwala oledzeretsa anapeza kuti mwa anthu 100 olandira thandizo, 40 kufikira 60 abwererako nthawi ina. Ici sicinenedwa kuti mupeze pothawira, koma kuti mukonzeke. Panganani ndi mbale kapena mnansi lero lomwe, muli bwino, za kumene ana adzagona tsiku loipalo likafika. Mukagwa, ululani tsiku lomwelo, mubwerere kwa okuthandizani. Pakuti botolo limodzi silipasula nyumba monga liipasula bodza lobisa botololo. Petro anakana Mbuye wace katatu usiku umodzi, koma m'mbali mwa nyanja anapatsidwanso nkhosa kuti aziwete.

IV. KWA ABALE NDI KWA MPINGO

Anthu a ku Gerasa ataona mnzao wacira sanakondwera. Anacita mantha, ndipo mitima yao inali pa nkhumba zimene zinatayika. Anazolowera kumdziwa ngati wa kumanda, ndipo atabvala anasowa pomkhazika. Ifenso tikhoza kucimwa pawiri. Ena atseka citseko kosatha, nati, Ameneyo timdziwa, sasintha. Nasunga ana ngati cikole, nawaphunzitsa kunyoza wowabala. Ena atsegula mosasamala, popeza atopa ndi kulera, nakweza ana basi mawa lace, cifukwa munthu wagwetsa misozi ndi kuchula dzina la Mulungu. Kukhululuka ndi kukhulupirira siziri cimodzi. Kukhululuka kuperekedwa lero, kwaulere. Kukhulupirira kulukidwa ngati nkhokwe, nsungwi ndi nsungwi.

Cifukwa cace mwini mbumba, atsibweni a anawo, aitane agogo ndi akulu a mpingo, akhale pansi ndi kholo lija, napangane njira ya pang'onopang'ono. Poyamba kholo lizidza kumudzi kudzaona ana, ndi kutumiza thandizo mwezi ndi mwezi. Pambuyo pace ana akaceze kwa iye pa nthawi yopuma sukulu, pamodzi ndi mbale wamkulu amene adzaona ndi maso ace. Zikayenda bwino miyezi yambiri, apite kukakhalitsa. Ndipo anawo afunsidwe maganizo ao. Kuona maso a nkhono nkudekha. Akulu a mpingo alembe kalata kwa anzao a ku Kabwata kapena ku Chelstone, kuti pakhale amai kapena abambo oyendera nyumbayo, osati ngati azondi, koma ngati anansi obwereketsa mbiya. M'miyezi yoyamba tumizani ufa, nyemba ndi nsawa koposa ndalama. Akadza ku ukwati kapena ku maliro, musamuikire cipanda patsogolo ndi kumuyesa wonyada akakana. Ndipo lekani kumchula cidakwa uja. Muitaneni amace uje, atate ace a uje, pakuti dzina limenelo ndilo alikulimbana kulitenganso.

Koma pamene pali kumenya, kapena njala, kapena munthu woononga mwana, pamenepo palibe kudikira. Lamulo la ana la caka ca 2022, lochedwa Children's Code Act, liika ubwino wa mwana patsogolo pa zofuna za akulu. Ku polisi kuli Victim Support Unit, ndipo nambala ya lamya 116 ndi ya ana ali pa tsoka. Pochinjiriza mwana sitiweruza kholo. Tilisungira cuma cace kufikira manja ace atalimba.

Marko atsiriza ndi kutiuza kuti munthu uja anamvera, nayenda m'midzi ya Dekapoli kusimba zimene anacitiridwa, ndipo anthu anadabwa. Cimene cinapatsa mau ace mphamvu ncakuti omvera anamdziwa kale. Momwemonso umboni woposa wa kholo locira suli kutsogolo kwa mpingo. Uli m'kacipinda ka lendi ku Kabwata, usiku, pamene mwana amva mapazi pakhomo, nawazindikira, natembenuka, nagonanso wopanda mantha. Masiku a caka amene alembedwa m'buku lino adzafika limodzi limodzi. Mulungu sapereka masiku awiri pamodzi. Amene alimbana ndi mowa awerenge masiku ace motero, ndi ife tiwerenge pamodzi naye.

Tipemphere. Atate wa cifundo, Inu amene mudziwa nyumba iri yonse imene ana agona ndi mantha, kumudzi ndi m'mzinda: limbitsani amai ndi abambo olera okha amene ataya botolo, muwapatse mphamvu ya tsiku la lero ndi kulimba mtima kwa kunena zoona. Tonthozani ana amene anakula nthawi yao isanafike. Dalitsani agogo olera adzukulu, ndi madokotala ndi anamwino osamalira odwala nthendayi. Ndipo ife mutipatse nzeru ya kudziwa nthawi ya kudikira ndi nthawi ya kutsegula citseko. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.